Chikwanje chikamabenthuka kapena kubuntha msanga: zimene zimalakwika poviika chitsulo

Madandaulo amene amabwerera kwa osula m'misika ya kuno, kaya ndi ku Chitakale, ku Limbuli, ku Luchenza kapena ku Bvumbwe, sasintha chaka ndi chaka. Chikwanje chabenthuka pa mfundo ya bulugamu. Mpeni wodulira tiyi ukufuna kunoledwa ntchito isanapite patali. Nkhwangwa yatuluka mng'alu isanalowe ndi mumpini momwe. Wogula amati chitsulo n'chachabechabe, wosula amati mwini wake alibe chisamaliro, koma kawirikawiri cholakwika chinachitikira pachipala pomwepo, m'masekondi ochepa amene chitsulo chofiira chinachoka pamoto kulowa m'madzi, kapena mu ola limodzi lotsatira.

Zimene zimachitika mkati mwa chitsulo

Chitsulo chosulira zida ndi ayironi wosakanikirana ndi kaboni pang'ono, nthawi zambiri wosafika 1.5 peresenti. Chikazizira pang'onopang'ono, kaboniyo amadziunjika payekha m'timizere tosanjikizana ndi ayironi wofewa, ting'onoting'ono moti maso sangatione. Kapangidwe kameneka akatswiri amakatcha pearlite, ndipo tupa limakadya bwinobwino.

Mukachitenthetsa kupitirira madigiri 727 a Celsius, maatomu a ayironi amayamba kusintha kaimidwe kawo ndipo kaboni amalowerera pakati pawo, ngakhale chitsulocho sichinasungunuke. Apa chasanduka austenite. Mukachisiya pamphepo kapena m'phulusa, kaboni amapeza nthawi yotulukamo n'kubwerera m'timizere take, chitsulo n'kufewanso. Koma mukachiziziritsa mwadzidzidzi, ayironi amabwerera ku kaimidwe kake kozizira kaboni asanatuluke. Kaboniyo amatsekeredwa momwemo, maatomu amapanikizana mopotoka, ndipo sangathenso kutsetsereka wina pa mnzake. Ameneyu ndiye martensite, dzina lochokera kwa katswiri wa ku Germany, Adolf Martens. Ndi wokhwima kwambiri koma sapirira kumenyedwa: m'malo mopindika amathyoka.

Pali zinthu ziwiri zimene wosula aliyense ayenera kuzisunga m'mutu. Choyamba, liwiro likufunika kumtunda, chitsulo chikamatsika kuchoka pa madigiri 700 kudutsa cha pa 550, chifukwa m'pamene pearlite amapangika msanga. Chachiwiri, martensite sayamba pamene madzi akuwira. Amayamba chitsulo chitatsika kufika cha pa madigiri 300 kapena 200, malinga ndi kuchuluka kwa kaboni, ndipo popangika amafufuma, mwina mpaka 4 peresenti. Kunja kumakhwima koyamba, mkati n'kumadzafufuma pambuyo pake, khungu louma kale lija n'kung'ambika. N'chifukwa chake kaphokoso koti "thi" kamamveka kumapeto, madzi atakhala kale bata. Choncho chofunika ndi kuziziritsa mwachangu poyamba, mofatsa pomaliza.

Tupa likudyabe: chitsulo sichinakhwime

Mukangoviika, palani makoko akuda pamalo pang'ono, muyendetsepo tupa latsopano. Likaterereka n'kumalira mopyapyala osasiya chizindikiro, chakhwima. Likagwira n'kutulutsa tizitsulo, fufuzani motsatana chonchi.

Yambani ndi chitsulo chenichenicho. Kaboni akachepera 0.3 peresenti, ngakhale mutaviika m'madzi oundana, simupeza kukhwima kokwanira kudulira. M'gulu limeneli muli zitsulo za mageti, mafelemu a mawindo, mapaipi a madzi, malata ndi misomali wamba. Zitsulo za m'konkire n'zosadalirika: china chimakhwimako, chinzake ayi. Zodalirika ndi masipuling'i a galimoto, amene ambiri amakhala ndi kaboni wa 0.5 mpaka 0.6 peresenti, matupa akale a 1 peresenti kapena kuposa, ndi mabering'i. Musanawononge makala ndi tsiku lonse, dulani kachidutswa, kasuleni kafike mamilimita 3, katenthetseni, kaviikeni m'madzi, kamangeni mu vayisi n'kukamenya ndi nyundo, nkhope mutayang'anitsa kumbali. Kakathyoka n'kabwino, kakapindika, chitsulocho chisungireni mahinji. Amene ali ndi makina onolera angaonenso pa tizimoto: chopanda kaboni chimatulutsa mizere yaitali yowongoka, chakaboni wambiri chimatulutsa tizimoto tophulika nthambinthambi.

Chitsulo chikakhala chabwino, kayikirani moto. Chida chotsika mtengo choyezera ndi maginito a mu sipika yakale, omangidwa pa waya. Chitsulo chimasiya kugwira maginito pa madigiri 770. Tupa lakale limafuna madigiri 780 mpaka 800, ndiye kuti maginito akangosiya, mwatsala pang'ono. Sipuling'i imafuna 830 mpaka 850, choncho maginito akasiya mubwezereni pamoto kuti kufiira kuwale pang'ono kuposa pamenepo, koma kusafike pa mtundu wa olenji. Chikwanje chikhale pa kutentha kumeneko mphindi imodzi kapena ziwiri, nkhwangwa mphindi zisanu, kuti kaboni alowerere mpaka mkati. Yesani maginito malo angapo, kuyambira kunsonga mpaka kufupi ndi mpini, poti chikwanje n'chachitali kuposa moto wa chipala ndipo chimafunika kuchiyendetsa uku ndi uku.

Mtundu wa chitsulo umanamiza padzuwa. Chimene masana chikuoneka chofiira pang'ono, mumthunzi chingakhale cha olenji. Ife timalimbikira kuti ntchito yoviika izichitika m'kachisakasa ka mthunzi, m'mamawa kapena madzulo, malo omwewo nthawi zonse, kuti diso lizolowere.

Kenako onani mtunda. Mbali yodulira ndi yopyapyala ndipo imataya moto mofulumira, makamaka masiku a chiperoni mphepo ikamawomba. Ndowa ikhale pa phazi limodzi kuchokera pamoto, mbaniro zikhale zitagwira kale bwino, ndipo zisapitirire masekondi awiri chitsulo chisanalowe.

Ngati malo ena akhwima ena ayi, mawangamawanga, vuto ndi nthunzi. Chitsulo chamoto chikalowa m'madzi chimakutidwa ndi nthunzi imene imatchinga madzi kuti asachikhudze, ndipo pamene nthunziyo yachedwa kuchoka pamatsala pofewa. Madzi a sopo, monga otsala pochapa, ndi madzi ofunda amakulitsa vutoli. Yendetsani chidacho m'mwamba ndi pansi, kapena kutsogolo ndi kumbuyo ngati mukudula madziwo. Mchere umathandiza kuswa nthunzi: kilogalamu imodzi m'malita 10. Koma madzi amchere ndi aukali kuposa madzi wamba, choncho ngoyenera zitsulo za kaboni wocheperapo ndi zida zonenepa zopanda ngodya, osati sipuling'i.

Mafuta, amene mungaviikemo chitsulo m'malo mwa madzi, nawo ali ndi zawo. Akachepa amatentha msanga, chida chachitatu n'kutuluka chofewa pamene choyamba chinali bwino. Mipeni ing'onoing'ono imafuna malita osachepera 5, chikwanje ndi nkhwangwa malita 15 kapena 20. M'mwezi wa June ndi July mafuta amalemera, sayenda bwino mozungulira chitsulo, motero amaziziritsa mochedwa. Atenthetseni kaye poponyamo chitsulo china chamoto mpaka afike madigiri 50 kapena 60, pamene chitini chikutentha koma mungachikhudze mwachidule. Ambiri amadabwa kumva kuti mafuta ofunda amakhwimitsa bwino kuposa ozizira, koma ndi mmene zilili.

Chomaliza n'chakuti mwina chakhwima mkati, chofewa ndi khungu lokha. Chitsulo chikakhalitsa pamoto wa mpweya wambiri, kaboni wa pakhungupo amapsa. Palani theka la milimita muyesenso tupa. Kuti zisabwerezeke, makala akhale ochindikala, masentimita 10 kapena kuposa pamwamba pa polowera mphepo ya mvukuto, ndipo chitsulo chikhale pakati pa makala, osati pakamwa pa mphepo.

Mng'alu

Apa m'pamene pamapweteka, chifukwa chida chong'aluka sichikonzeka. Musachitaye msanga. Chithyoleni pa mng'alu pomwepo muone mkati, poti ndimo muli yankho.

Mkati mukakhala dzimbiri kapena mwakuda mosalala mbali ina, mng'aluwo ndi wakale, munaugula pamodzi ndi chitsulo. Sipuling'i imene yayenda zaka m'misewu ya mabampu imakhala ndi timing'alu tosaoneka, makamaka pafupi ndi bowo la bawuti lapakati, kumapeto kopindidwa, ndi pamene dzimbiri linakumba timaenje. Malo amenewo adulenitu n'kutaya. Pamoto woyamba yang'anitsitsani: mng'alu umaoneka ngati kamzere kakuda pa chitsulo chofiira. Mkati mukakhala makoko akuda a moto, chinang'aluka posula, kawirikawiri chifukwa chomenyabe chitsulo kufiira kutatha. Sipuling'i ndi bering'i sizilola zimenezo. Kufiira kukangoyamba kuzilala, bwezerani pamoto.

Mkati mukakhala moyera, mwatsopano, chang'aluka poviika. Tsopano onani timibulu ta pothyokapo. Pakaoneka posalala, potuwa ngati ufa, moto unali bwino. Pakaoneka timibulu tonyezimira ngati shuga, munapsereza. Chitsulo chikafika pa olenji wowala kapena chikasu, timibulu ta mkati mwake timakula, ndipo martensite wochokera m'timibulu tatikulu sachedwa kusweka. Posula simungapewe moto waukulu, koma musaviike chitsulo chochokera pa moto wosulira. Mukamaliza kusula, tenthetsani mpaka maginito asiye ndi kupitirira pang'ono, tulutsani, chisiyeni pamphepo mpaka chide. Chitani katatu, ulendo uliwonse moto wocheperako. Timibulu timabadwanso tating'ono, ndipo kukokana kumene nyundo inasiya mkati kumatha. Ntchito imeneyi imadya makala ochepa ndi mphindi mwina 15, koma osula ambiri amailumpha, ndipo m'maganizo athu ndiyo imasiyanitsa chikwanje cha zaka zambiri ndi cha nyengo imodzi.

Timibulu tikakhala tabwino koma chang'alukabe, kayikirani madzi. Masipuling'i ambiri ali ndi zosakaniza zina, monga chromium ndi manganese, zimene zimachedwetsa pearlite, choncho safuna liwiro la madzi kuti akhwime. Mafuta amakwana. Kuviika sipuling'i m'madzi ozizira otungidwa m'mawa ku Likhubula kapena ku Ruo n'kuika ntchito yanu pachiswe, chifukwa madzi amapitiriza kuziziritsa mwaukali ngakhale pansi pa madigiri 300, pamene pakufunika kufatsa. Mafuta ophikira ndiwo abwino. Oyilo wakale wa injini amagwira ntchito ndipo ndi amene amapezeka, koma utsi wake ndi woipa m'chifuwa ndipo nthawi zina amakhala ndi madzi kapena petulo. Ngati palibe njira ina, gwirirani panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu.

Tupa lakale ndi losiyana. Likakhala lonenepa, mafuta olemera sangalikhwimitse mokwanira, pomwe madzi okha angaling'ambe. Njira yapakati ndi iyi: madzi osazizira kwambiri masekondi awiri kapena atatu, kenako msangamsanga m'mafuta mpaka lizizire. Madzi amadutsitsa chitsulo pamalo ofuna liwiro, mafuta n'kumaliza mofatsa. Mpeni wopyapyala wa tupa umakhwima m'mafuta ofunda okha. Musaiwalenso kupala mano onse a tupalo musanasule, chifukwa dzino lililonse lotsala ndi poyambira mng'alu.

Kapangidwe ka chida nakonso kamang'ambitsa. Mng'alu umakonda ngodya yakuthwa ya mkati, monga pamene khasu kapena nkhwangwa ikulumikizana ndi mchira wolowa mumpini. Pamenepo pakhale pozungulira. Umakondanso mabala akuya a nyundo, mizere ya tupa yopingasa mbali yodulira, ndi mabowo a misomali ya chigwiriro. Mbali yodulira isakhale yonoleratu: isiyeni yochindikala milimita imodzi kapena imodzi ndi theka, mudzanole pomaliza. Mchira ndi malo a mabowo musawakhwimitse n'komwe. Pa nkhwangwa ndi khasu viikani masentimita 3 kapena 4 okha a kutsogolo, uku mukukweza ndi kutsitsa pang'ono kuti malire a pokhwima ndi pofewa asakhale mzere umodzi wowongoka.

Palinso zida zimene zimagona zili bwino, m'mawa n'kupezeka zitang'aluka zokha. Sikuti wina wazigwira. Martensite watsopano amakhala wokokana kwambiri, ndipo usiku wozizira wa ku Thyolo amapitiriza kupangika. Chida chikangozizira moti mungachigwire ndi dzanja, pitani nacho pa ntchito yotsatirayi, lisanathe ola.

Chakhwima koma chikubenthuka pa ntchito

Chida chongoviikidwa sichinathe. Chimafunika kutenthetsedwanso pang'ono, ntchito imene m'mabuku a zaumisiri amaitcha tempering. Moto wochepawu umalola kaboni wina kutuluka m'malo opanikizika aja. Kukhwima kumatsikako, kupirira n'kukwera. Palani mbali imodzi ndi sandipepa kapena mwala mpaka iwale, pukutani mafuta onse chifukwa amasokoneza mtundu, kenako tenthetsani mofatsa mukuyang'ana mitundu imene ikubwera pa chitsulo choyeracho:

- mtundu wa udzu wouma wotuwa, cha pa madigiri 220: malezala, timipeni tosemera ziboliboli;
- udzu wouma woderako, 240: mipeni ya kukhitchini ndi yodulira tiyi;
- bulauni, 255 mpaka 260: nkhwangwa, sompho, tchizulo cha matabwa;
- pepo, 275 mpaka 280: tchizulo chodulira zitsulo, makasu a m'nthaka ya miyala;
- buluu, cha pa 300: zikwanje, zikwakwa ndi chilichonse choyenera kupindika n'kubwerera.

Mitunduyi ndi kakhungu ka pamwamba chabe, ndipo imanena zoona pokhapokha moto ukalowa pang'onopang'ono. Mukaika mpeni pa lawi, udzu, pepo ndi buluu zimathamanga m'masekondi ochepa mkati musanatenthe, nsonga n'kufeweratu. Njira yabwino ndi kutenthetsa chitsulo china chachikulu mpaka chifiire, kuchitulutsa, n'kugoneka msana wa mpeni pamenepo, mbali yodulira itayang'ana kumwamba. Mitundu imakwera kuchokera kumsana. Mtundu umene mukufuna ukafika pa mbali yodulira, viikani m'madzi kuti moto uime. Kuviika kumeneku sikukhwimitsanso ndipo sikung'amba, poti chitsulo sichinafike pa austenite. Zotsatira zake ndi msana wa buluu wopirira ndi mbali yodulira yokhwima, zimene ndi zomwe mpeni umafuna.

Pa nkhwangwa ndi tchizulo mungagwiritse ntchito moto wotsala. Viikani kutsogolo kokha mpaka kuzizire, tulutsani, palani msanga ndi mwala, muone mitundu ikutsika kuchokera ku thupi limene likadali lotentha. Bulauni akafika kunsonga, viikani kutsogoloko kachiwiri. Thupi likakhala kuti likadali lofiira musalimize lonse, lingakhwime pamalo osayenera.

Amene ali ndi uvuni wa magetsi, ola limodzi pa madigiri 200 mpaka 220 limakwanira mipeni, ndipo n'kodalirika kuposa diso. Njira iliyonse imene mwasankha, bwerezani kawiri, chida chizizire pakati pake. Austenite wina amatsalira poviika n'kudzasanduka martensite watsopano pambuyo pa ulendo woyamba, ndipo ulendo wachiwiri ndi wofewetsa ameneyo.

Ntchito yonseyi ingawonongeke pa makina onolera. Mbali yodulira ikasanduka buluu ponola, pamenepo pafewa, ndipo mpeni udzabuntha msanga mpaka malowo atadyeka. Nolani mopepuka, muziviika m'madzi pafupipafupi, mumalize ndi mwala.

Kupindika

Chikwanje chimakhota chikalowa m'mafuta chogona cham'mbali, chikagwedezedwa kumanzere ndi kumanja, chikatenthedwa mbali imodzi, kapena chikapalidwa kwambiri mbali imodzi. Chilowe choimirira, nsonga patsogolo, m'chitini chachitali. Mukachitulutsa m'mafuta patatha masekondi 8 kapena 10, chikufukabe utsi, martensite amakhala asanamalize, ndipo mungachiwongole pochipana pakati pa zitsulo ziwiri zosalala mpaka chizizire. Chikazizira musachimenye, dikirani nthawi yotenthetsanso, muchiwongole chili chotentha.

Kwa owotcherera

Vuto lomweli limabwera kwa owotcherera osadziwa kuti akuviika. Mukawotcherera sipuling'i, ekisulo ya ngolo kapena nkhwangwa yothyoka, chitsulo cha m'mphepete mwa msoko chimafika pa austenite, ndipo chitsulo chozizira chozungulira chimayamwa motowo mofulumira. Martensite amapangika pomwepo, ndipo kuthira madzi kuti kasitomala anyamule msanga kumangoonjezera. Chizindikiro chake n'chakuti msoko weniweniwo umatsala wathunthu, chothyoka ndi cham'mbali mwake. Tenthetsani kaye malowo afike madigiri 200 mpaka 300, wotchererani, kenako kwirirani mu phulusa kapena mchenga wouma mpaka chizizire chokha. Sipuling'i yowotcherera isabwererenso pa galimoto yonyamula anthu.

Moto wa mafuta ndi kuyesa komaliza

Mafuta akhale m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro, osati m'chigubu cha pulasitiki. Amayaka kawirikawiri pamene chitsulo chofiira chatsala theka kunja, choncho poviika kutsogolo kokha yembekezerani lawi ndipo nkhope ikhale kutali. Akayaka vundikirani, musathire madzi. Chitini chisalowe mvula, chifukwa madzi okhala pansi pa mafuta amaphulika chitsulo chamoto chikawafika. Zitsulo zokutidwa ndi zinki, monga mapaipi otuwa a madzi, zisalowe pachipala; utsi wake woyera umadwalitsa.

Chida chisanapite kumsika, chinoleni muchiyese pa ntchito yeniyeni. Chikwanje ndi nkhwangwa temani nazo nsungwi youma ndi mfundo ya bulugamu kangapo, kenako yendetsani chikhadabo mosamala pa mbali yodulira. Mukamva timano tobenthuka, n'chokhwima mopitirira: palani chiwale, mutenthetsenso mpaka mtundu wotsatira pa mndandanda uja. Ngati kubenthuka kukupitirira ngakhale pa buluu, timibulu ndi tatikulu kapena mwanola mopyapyala kwambiri. Mukapeza kuti mbali yodulira yapindikira mbali imodzi, nolani kaye kawiri kuti khungu lopanda kaboni lichoke. Ikapindikabe, moto wotenthetsanso uja unapitirira kapena sichinakhwime poyamba, ndipo muyenera kuyambiranso: kuziziritsa pamphepo katatu, kuviika, ndi kutenthetsanso kawiri, koma ulendo uno muime pa mtundu wa m'mbuyo mwa umene munaimapo poyamba.